Mphini za Amayi pa Khoma la Msika

Amayi anga anayamba kuvutika maso chaka chimene ndinabwerako ku Joni, ndipo anthu a ku Lungwena, omwe sachedwa kulumikiza nkhani, anati masowo akana kuona zomwe mwana wawo wadzichita. Adokotala ananena zina. Anati ndi shuga, yawononga mitsempha ya m'maso, si ng'ala yoti angachotse. Koma kwathu dokotala amalankhula kamodzi, pomwe amayi a pamjigo amalankhula tsiku ndi tsiku.

Dzina langa ndi Hidaya, ntchito yanga ndi kujambula. Ndinayamba ndi hina ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Kukakhala nikahi ankanditenga kuti ndikakongoletse manja ndi mapazi a mkwati, ndipo amayi ankandiperekeza atanyamula kathumba kanga ngati ndine shehe. Akamva anthu akuyamikira ankayang'ana kumbali, kunamizira kukonza mpango, koma makutu ali tcheru. Kuchoka pa hina ndinapita kudoko kukalemba mayina a maboti. Asodzi ankandikonda chifukwa zilembo zanga sizinkapendekeka, komanso ndinkawakonzera sipelo mwakachetechete, osawachititsa manyazi. Kenako ndinayamba zikwangwani za magolosale ku Mangochi boma. Nditakwana zaka makumi awiri ndi zitatu ndinakwera basi ngati anzanga onse a kuno, kukasaka moyo.

Ku Joni ndinapeza ntchito yosesa m'nyumba ina yojambula tatuu. Mwini wake anali mayi wina wolankhula pang'ono, yemwe tsiku lina anandipeza ndikujambula nsomba kuseri kwa katoni, n'kundipatsa makina akale a tatuu ndi thumba la malalanje oti ndiziphunzirirapo. Miyezi isanu ndinkabaya malalanje. Atandilola kukhudza khungu la munthu, munthu woyamba ndinali ine ndemwe. Pomatha zaka zisanu ndi chimodzi mikono yanga yonse iwiri inali itadzaza tatuu, kuyambira pamfundo ya dzanja mpaka paphewa.

Tsiku lomwe ndinafika kunyumba amayi anandithamangira, chitenje chikugwa. Anandikumbatira, n'kundigwira mikono kuti andione ngati ndanenepa. Malaya anakwera m'mwamba. Anaona kachigawo kochepa chabe, mwina ngati chikhatho, n'kutembenuza nkhope.

"Astaghfirullah. Tsitsa malayawo."

Ndinatsitsa. Sanandikalipire, sanandithamangitse, sanaitane abale kuti andikhazike pansi. Ankandiphikira, ankandifunsa ngati ndaswali, ankandisungira mango. Koma mikono yanga sanaiyang'anenso, ndipo za ntchito yanga sanafunsepo ngakhale tsiku limodzi. Munthu akakukalipira umadziwa poyankha. Izi zinalibe poyankha. Ndinatsegula kachipinda kanga kojambulira tatuu kwa Mponda, kuseri kwa malo ometera tsitsi, ndipo ankabwera anyamata a kabaza, anamwino, alendo ochokera kumahotela, ndi amayi ofuna kubisa zipsera za opaleshoni. Ndinajambula makoma a masukulu awiri ndi thanki ya madzi. Anthu mumsewu ankandiloza kuti uyo ndi uja wojambula uja. Koma Lachisanu lililonse ndikamapita kwa amayi ndinkavala malaya a manja aatali, ngakhale mu Okutobala, thukuta likuyenderera kumsana.

Zaka zisanu zinatha choncho, ndipo maso a amayi ankazima pang'onopang'ono. Anasiya kulowetsa ulusi m'singano, kenako anasiya kupita kuthandala kukayanika usipa, ntchito yomwe anatilerera nayo bambo atamwalira. Chaka chatha ankangozindikira pomwe pali khomo chifukwa cha kuwala. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, ndipo ndinkachifuna mpaka kundipweteka pamtima: kuti amayi aone kanthu kamodzi kotuluka m'manja mwanga, anenepo mawu, ngakhale oti chaipa. Nthawi inkandithera ndikuona.

Ndiye kunabwera a Edith. A Edith ndi wapampando wa amayi ogulitsa nsomba pamsika wa kwathu, Mkhristu wa mawu ngati lipenga, mnzawo wa amayi kuyambira ali atsikana. Analowa m'kachipinda kanga osagogoda, n'kupeza ndikujambula mkango paphewa pa mnyamata wina yemwe ankalira ngati mbuzi.

"Iwe, limba mtima, unachita kubwera wekha," anamuuza, kenako n'kutembenukira kwa ine. "Hidaya, khoma la shedi yathu likununkha. Abambo alisandutsa chimbudzi. Tinalembapo kuti osakodza pano, akukodzera pa zilembo zomwezo."

"Ndiye ndikalembenso zazikulu?"

"Ayi. Ukajambulepo ifeyo. Nkhope zathu, akuluakulufe. Ndione mwamuna amene angamasule buluku pamaso pa mayi ake."

Mnyamata uja anaseka mpaka ndinachotsa singano. Ine ndinavomera pomwepo, koma ndinafunsa ngati amayi anga akhalepo. A Edith anati msika umenewo anauyambitsa ndi a Mwanamvua, amayi angawo, ukadali pansi pa mtengo, ndiye angasowepo bwanji. Anati akawapempha okha, ine ndingowaperekeza.

Tinawapeza amayi atakhala pakhonde akusankha nyemba ndi zala. A Edith anafotokoza zonse, za fungo, za abambo, za nkhope. Amayi anamvetsera osasiya nyemba.

"Nkhope yanga pakhoma ngati wandale? A shehe akamva?"

"A shehe amadutsa pamenepo atatseka mphuno. Atithokoza."

Amayi anaseka pang'ono, n'kunena kuti, "Jambulani. Ine sindidzaiona, tchimo likhala la oyang'ana."

A Edith anaomba m'manja kuti zatheka. Ine mawu amenewo anandilasa. Ndinabwerera kwa Mponda ndili pa kabaza misozi ikulengeza, wopalasa akundifunsa ngati ndi fumbi. Amayi ananena zoona, sadzaiona. Ndinali nditachedwa.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Patapita masiku atatu ndikutsuka makina anga, ndinakumbukira zala zija zikusankha nyemba, osaphonya kamwala ngakhale kamodzi. Ndinagula simenti pang'ono ndi guluu wa matabwa, ndinatapa mchenga wa kunyanja n'kuusefa ndi sefa ya ufa. Ndinasakaniza mpaka zinakhala ngati phala lolimba, ndinathira m'kapepala ka pulasitiki n'kudula kunsonga, monga momwe ndinkachitira ndi hina. Ndikafinya pankatuluka mzere wotukuka ngati chingwe. Woyamba unagwa utauma. Wachiwiri unang'ambika. Ndinayesera pakhoma la kuseri kwa nyumba mpaka mwini nyumba anandifunsa ngati ndikuweta chiswe. Sabata yachiwiri mzere unagwira, ndipo nditatseka maso n'kuutsata ndi chala ndinazindikira kuti iyi ndi nsomba.

Khoma la msika ndinaligwira mwezi wathunthu. Tinayamba ndi kulitsuka, ndipo za tsiku limenelo sindikufuna kukumbutsidwa. Ndinajambula amayi asanu ndi awiri, ena atasenza mabeseni, ena akuwerenga milu ya utaka, a Edith ali pakati pakamwa pali potsegula, chifukwa ndikanawatseka palibe akanawazindikira. Amayi anga ndinawaika kumapeto, atawerama pathandala, nkhope yawo yaikulu ngati lichero ili m'munsi, pofika pachifuwa cha munthu woimirira. A Edith anadandaula.

"Mwini msika ukumuika pansi chonchi? Akwere pamwamba."

"Pamwamba safikira ndi dzanja," ndinawayankha.

Anandiyang'ana, anayang'ana kapepala ka simenti kali m'manja mwanga, n'kubwerera kunsomba zawo.

Nkhope ya amayi yokha ndi imene ndinaitsata ndi mizere yotukuka ija ndisanapake penti: mphumi, nsidze, mphuno, milomo, makwinya a m'mbali mwa kamwa, m'mphepete mwa mpango, ngakhale tiusipa ta pathandala. Nkhope imeneyo sindinafune chithunzi, ndimaidziwa kuposa yanga. Panali chinthu chimodzi chomwe ndinaima nacho tsiku lonse. Amayi ali ndi mphini, timizere titatu tating'ono mbali iliyonse pakati pa diso ndi khutu, zomwe anawatema ali mtsikana. Moyo wanga wonse ndinkawaona akukokera mpango kutsogolo kuti zibisike akamapita kumzikiti, ndipo ndili mwana nditawafunsa anangoti ndi za umbuli wakale. Ndinaganiza kuti ndikaziika pakhoma, pamsika, anthu onse akuona, aziti ndawayalutsa. Choipa kwambiri, aziti ndikuwanena kuti nanunso muli nazo, mukundidera chiyani. Ndinasiya malowo osalala, ndikudziuza kuti ndawalemekeza.

Ndinasankha Lachiwiri m'mawa, msika usanadzaze. Amayi anavuta kutuluka.

"Ukunditengera kuti? Ndikaone chiyani ine?"

"Tiyeni basi, Amayi. Mukapume mphepo."

"Mphepo ya pakhoma lija ndimaidziwa."

A Edith anawagwira dzanja lina, ine lina, tinayenda pang'onopang'ono, amayi akupereka moni kwa aliyense yemwe amuzindikira mawu. Titafika ananunkhiza uku ndi uku, n'kuvomera kuti fungo lasintha. Ndinatenga dzanja lawo lamanja n'kuliika pakhoma, pamzere wa mpango.

Anadzidzimuka, n'kufuna kulichotsa. Kenako chala chinapeza mzere uja n'kuyamba kuutsata. Chinatsika mpaka paphewa, chinabwerera, chinapeza thandala.

"Usipa uwu," anatero.

"Eya."

"Wauyanika mothithikana. Uwola."

A Edith anaseka, amayi ena omwe anayamba kusonkhana anasekanso. Amayi sanaseke. Anabweretsa dzanja lachiwiri, manja onse awiri n'kukwera pankhope ija. Anatsata nsidze. Anatsata mphuno kawiri. Pamilomo anakhalitsa, zala zikuyenda uku ndi uku, ndipo ndinaona kukamwa kwawo kukuyenda pang'ono. Kenako zala zinapita m'mbali, pakati pa diso ndi khutu. Zinasisita. Zinapita mbali inayo, zinasisitanso, zinafufuza m'mwamba ndi m'munsi. Manja anatsika.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi inu, Amayi."

"Ngwamba, ayi. Mphuno ndi yanga, pakamwa ndi panga. Koma munthuyu si ine. Wajambula mwana wa eni."

Mwezi wathunthu padzuwa, ndipo mawu oyamba a amayi pa ntchito yanga anali akuti ndajambula mlendo. Ndinapsa mtima, ndisaname, ndipo ndinayankha mokweza kuposa momwe mwana amayankhira mayi ake pagulu.

"Mphinizo ndinazisiya dala. Si inu mumazibisa? Si inu munati ndi za umbuli?"

"Ndi za umbuli, inde."

"Nanga ndikanatani?"

Amayi anakankhira mpango kumbuyo, pamsika pomwepo, n'kudzigwira pamphini paja.

"Umbuli wake ndi wanga. Anandigwira anthu atatu, ndinalira mpaka mawu anatha, anandipaka makala, nkhope inatupa sabata yonse. Nditayamba kupita kumadrasa ndikukula anandiuza kuti n'zoletsedwa, ndinalapa, ndipo ndimalapabe. Koma bambo ako anandifunsira ndili nazo. Akabwerako kunyanja, asanasambe n'komwe, ankandigwira apa n'kumaziwerenga ngati mikanda ya tasibihi yopempherera, ati aone ngati wina sanabepo imodzi iye kulibe." Anachotsa dzanja pamphinipo. "Munthu amene bambo ako sangamuzindikire, usamutche dzina langa."

Bambo anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amayi sankawatchula kawirikawiri. Sindinkadziwa kuti anali munthu wanthabwala. Sindinkadziwanso kuti amayi anga anagwiridwapo pankhope mwachikondi, chifukwa ana timaganiza kuti makolo athu anabadwa akuyanika usipa. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, panatsala manyazi ndi chisoni.

"Simenti ija ilipo?" anafunsa a Edith motsitsa, chinthu chomwe sindinkadziwa kuti amatha.

Inalipo, m'shedi, pamodzi ndi mabulashi. Ndinasakaniza pang'ono m'chitini, ndinathira m'kapepala, ndinapala penti ndi mpeni pamalo osalala paja kuti igwire. Nditafuna kuyamba amayi anandiletsa.

"Uika molakwika. Wakhala ukuziona zaka zonsezi koma sunazigwirepo. Bweretsa dzanjalo."

Dzanja lawo lamanzere linali pankhope pawo, lamanja linagwira langa pamfundo n'kulitsogolera pakhoma. Anandiuza kuti woyamba ndi wautali, wachiwiri ndi wopendekeka chifukwa anagwedeza mutu, wachitatu ndi waufupi chifukwa wotemayo anamva chisoni. Ine ndinkafinya, iwo ankakoka. Titamaliza mbali imodzi anafuna kugwira, ndinawauza kuti adikire iume, anandiyankha kuti ndisawaphunzitse za hina. Tinapita mbali inayo n'kuika mzere woyamba. Apa ndinayenera kutambasula mkono, ndipo malaya anga anakwera mpaka pachigongono. Dzanja la amayi linatsetsereka kuchoka pamfundo n'kugwera pakhungu.

Ndinafuna kutsitsa malaya mwachizolowezi. Sanandisiye. Zala zawo zinakhala pamenepo kanthawi, kenako zinayamba kuyenda, monga zinayendera pakhoma paja. Zinakwera mpaka pachigongono, zinazungulira, zinatsika. Anakankha malaya m'mwamba okha n'kufufuza mpaka paphewa.

"Zili kuti?"

"Zili pomwepo, Amayi. Paliponse pomwe mwagwirapo."

"Sizikumveka."

"Sizimveka. Inki imalowa mkati, khungu limapola n'kusalala."

Anasisitanso, mwamphamvu, ngati akuchotsa litsiro. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Ndikhulupirira kuti zaka zonsezi ankaganiza kuti zanga zili ngati zawo, kuti tsiku lomwe adzafune adzangotambasula dzanja n'kuzipeza.

"Ndinali ndi maso," anatero, osati kwa ine kwenikweni. "Unabwera ndili ndi maso, mwanangu."

Misozi inatsika m'maso osaona aja, ndipo yanga inali itayamba kale. A Edith anatembenuka n'kuyamba kuthamangitsa anthu, kuwafunsa ngati nsomba zawo zikudzigulitsa zokha. Tinatsala awiri pakhomapo. Amayi anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, anakhala pansi pa beseni lovundikira, n'kundikoka kuti ndigwade patsogolo pawo.

"Undiuze. Apa pali chiyani?"

Ndinagwira chala chawo n'kuchiyendetsa. Ndinawauza kuti apa ndi lalanje, chifukwa ndi lomwe linandiphunzitsa ntchito. Anati ndi zopusa. Apa ndi mlamba, mchira wake ukuzungulira kuseri. Apa ndi maluwa a hina aja ndinkajambula akwati, omwe munkati ndimachulutsa masamba. Anati ndinkachulutsadi. Apa ndi bwato la bambo, lopanda munthu, nkhafi ili mkati. Pamenepo chala chinaima, ndipo anandifunsa ngati ndinaika chigamba cha lata chakutsogolo. Ndinati ndinaika. Anagwedeza mutu.

"Nanga ine ndili pati?"

Ndinachita manyazi. "Palibe, Amayi. Ndinkaopa. Ndinasiya malo apa, mkati mwa mkono, koma ndinkaopa kuti mukadzamva mudzakwiya."

Anagwira malowo, khungu lopanda kanthu lomwe kwa iwo silinkasiyana ndi lina lonse.

"Unachita bwino. Haramu ndi haramu, sindinasinthe, ndipo ndizikupemphererabe. Usadzandiikepo ngakhale nditafa, wamva? Khomali landikwana."

"Ndamva."

Simenti inali itayamba kuuma m'kapepala, ndipo mbali imodzi ya nkhope inali ikadali ndi mzere umodzi wokha. Ndinawauza kuti tiyenera kumaliza isanalimbe. Amayi sanasiye mkono wanga.

"Ilimbe, usakaniza ina. Bweretsa mkono winawo, ndipo usathamange, sindinaone kalikonse."